Vinyo wa kumalo ozizira amaopa dzuwa la ku Senga Bay

Inu amene mwangomanga kumene banja ndipo mwakonza zokapitidwa mphepo ku Senga Bay m'boma la Salima, mwina mwaganiza zonyamula kabotolo ka vinyo kuti mukasangalatse mnzanuyo. Ngati pabotolopo alembapo kuti Pinot Noir, potchula amati pino nwa, dziwani kuti mwanyamula mlendo wosazolowera kutentha. Ndipotu si wotchipa ayi.

Kwawo kwa mphesa zimenezi ndi ku Burgundy m'dziko la France. Zili ndi khungu lopyapyala ndipo zimapsa msanga. Kukatentha kwambiri shuga amachuluka mofulumira, kuwawasa kuja kumatha, vinyo wake n'kumamveka ngati jamu. N'chifukwa chake alimi amazifunira malo ozizira. Ku South Africa amazilima ku Elgin ndi m'chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi tauni ya Hermanus, komwe mphepo ya kunyanja yamchere imaziziritsa minda. Kumeneko Tim Hamilton Russell adagula malo mu 1975 n'kuyambitsa munda womwe lero ndi wotchuka ndi vinyoyu. Musasokoneze ndi Pinotage, yemwe amapezeka kwambiri m'masitolo. Ameneyo ndi mwana wake chabe: Abraham Perold adakwatitsa Pinot Noir ndi mphesa ina mu 1925 ku Stellenbosch.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Botolo aliponya kubuti ya galimoto, ayenda nalo mtunda wa makilomita oposa 100 kuchoka ku Lilongwe, kenako aliimika pamchenga dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Potsegula, vinyo wafunda ngati tiyi wa dzulo, akungonunkha ukali wa mowa. Bambo ayamba kudandaula kuti awabera, mayi athiramo Coca-Cola, nkhani yathera pomwepo.

Vinyoyu amakoma akazizira pang'ono, pa madigiri 14 mpaka 16. Paulendo likulungeni botolo ndi kansalu konyowa, likhale pamthunzi m'kati mwa galimoto. Mukafika liikeni m'furiji kwa theka la ola, kapena m'ndowa ya madzi ozizira.

Musadzaze tambula, thirani pang'ono. Yang'anani mtundu wake: ndi wofiira mopepuka moti mutha kuona zala zanu kuseri kwa tambulayo, ndipo izi sizitanthauza kuti athira madzi. Pukusani pang'onopang'ono, kenako nunkhizani. Amene mudadyapo sitiroberi za paphiri la Zomba mudzazikumbuka. Ena amamva fungo la bowa kapena la dothi mvula yoyamba ikangogwa. Funsanani awirinu kuti, "Inu mukumva chiyani?" Palibe wolakwa pamenepa, ndipo kwa ine kukoma kwenikweni kwa vinyoyu kuli pamacheza amenewa. Kenako pani pang'ono m'kamwa, musafulumire kumeza. Saumitsa lilime ngati nthochi yaiwisi monga amachitira mavinyo ena ofiira, n'chifukwa chake amayenda bwino ndi chambo chowotcha kapena kampango. Tsabola wa kambuzi yekha muchepetse, amaphimba zonse.

Kupepuka kwakeko kusakunamizeni. Mphamvu yake imakhala cha pa 13 peresenti, kuposa kawiri mowa wamba wa m'mabotolo, ndipo botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu. Mukamwa, zosambira m'nyanja ziiwaleni, makamaka madzulo kapena mwera ukamaomba. Amene agwire chiwongolero pobwerera asakhudze n'komwe. Mayi woyembekezera nayenso apatsidwe juwisi, vinyo wodula ndi mowa ndithu kwa mwana ali m'mimba.

Ndipo inu makolo amene mwapita ndi ana, lekani kachizolowezi kolawitsa mwana kuti "angonyambita". Malamulo a dziko lino salola kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Vinyo wotsala mutsekeni bwino, mumuike m'furiji posafikira ana, ndipo mumumalize pasanathe masiku awiri kapena atatu asanasasike.