CHIKOMEKOME CHA MKUYU: ANA ATHU NDI MASEŴERO A PA KANEMA (Gawo Loyamba)

Tsiku lina la msika pa Migowi, m'boma la Phalombe, ndidapeza mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa zaka 6, akusisima kuseri kwa kanyumba kena koonetseramo kanema. Ndalama zimene amayi ake adamtuma nazo mchere zidali zitathera momwemo, pa maseŵero a pa kanema aja ana amati magemu. Nditamfunsa chomliza, adati, "Malume, kamkango kanga kakungogwera m'madzi." Kamkango kameneko kadali Simba wa m'kanema wa makatuni wotchedwa The Lion King.

Aŵerengi okondedwa, funso lathu nali: kanema akakhala woyenera ana, kodi ndiye kuti maseŵero ochokera m'kanemayo ngoyeneranso ana aang'ono? Makolo ambiri amayesa choncho poona nkhope ya katuni yosekerera. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbiri ya Simba yemweyu itiphunzitse. Kampani ya Disney idatulutsa kanemayo mu 1994, ndipo m'chaka chomwecho a Westwood Studios adakonza maseŵero ake a pa makina a Sega ndi Nintendo. Gawo lachiŵiri la maseŵerowo, momwe Simba amalumpha pamitu ya akadyansonga, kuponyedwa ndi anyani ndi kukwera nthiŵatiŵa, lidatchuka chifukwa cha kuvuta kwake, mwakuti ngakhale akulu ankalephera. Patapita zaka, mmodzi wa amene adayambitsa kampaniyo, Louis Castle, adaulula kuti adalilimbitsa dala. Masiku amenewo ku America anthu ankabwereka maseŵero m'masitolo kwa masiku oŵerengeka, tsono eni ake sadafune kuti wobwereka awamalize msanga, kuopa kuti sadzagula akeake. Powatulutsanso mu 2019, adaonjezamo njira yobwezera m'mbuyo munthu akalakwa. Misozi ya pa Migowi ija idali ndi gwero lake: kuvutako kudakonzedwa ndi anthu oganiza za malonda, osati za msinkhu wa mwana.

Kusiyana kwa zinthu ziŵirizi nkwakukulu. Poonera kanema, mwana amangopenya, nthano nkutha, iye nkubwerera kwawo. Mufasa, bambo wa Simba, akamafa pakati pa nyumbu zothamanga, mwana amamva chisoni kamodzi, wamkulu nkumtonthoza. Koma m'maseŵero mwana ndiye Simba. Akalephera, wafa ndi iye, ndipo amayambiranso kakhumi kapena kupitirira. Komwe amalipiritsa potsata nthaŵi, kulephera kulikonse kumadya ndalama. Pa foni ya m'manja namonso, maseŵero ambiri otchedwa aulere amadzaza ndi zotsatsa malonda, ndipo ena amakopa woseŵera kuti agule moyo woonjezera.

Sitikunena kuti maseŵero onse ngoipa. Ena amaphunzitsa kuŵerenga, kupirira ndi kuganiza msanga, monga bawo achitira ndi akulu. Chofunika nkuyesa aliyense payekha, ndipo miyeso ilipo itatu.

Woyamba ndi chizindikiro cha msinkhu. Ku America, bungwe la ESRB lakhala likugaŵa maseŵero m'magulu kuyambira 1994. Ku Ulaya, njira ya PEGI idayamba mu 2003, ndipo imalemba nambala pa chikuto: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Nambalayo ndi zaka zoyambira. Koma chenjerani, imanena za zimene zili m'katimo, monga ndeu, zoopsa ndi mawu otukwana. Sinena ngati maseŵerowo ngosavuta. Ndiponso ambiri ofika kwathu kuno amabwera okopedwa pa kompyuta, opanda chikuto konse.

Nchifukwa chake muyeso wachiŵiri ndi maso a munthu wamkulu. Khalani pansi, museŵere nokha kwa mphindi 15. Ngati inu mwalephera ndi kupsa mtima, nanga wa Sitandade 1 adzatani?

Wachitatu ndi nthaŵi. Mu 2019, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti mwana wa chaka chimodzi asakhazikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi pa tsiku. Mwana wamng'ono amakula pothamanga, poumba ng'ombe zadothi ndi pocheza ndi anzake.

Kwa inu achinyamata amene mwatsiriza sukulu ndipo mwatsegula timalo totere pa Migowi, pa Chiringa kapena pa boma, ntchito yanu siyonyozeka, pakuti mukudzidalira. Komabe mwana wa mnzako ngwako yemwe. Musalandire mwana wovala yunifolomu nthaŵi ya maphunziro, ndipo aang'ono muwapatulire maseŵero a msinkhu wawo. Inunso aphunzitsi, funsani ana m'kalasi zimene amaseŵera, ndipo nkhaniyi muifikitse pa msonkhano wa makolo, chifukwa ambiri a iwo sadagwirepo makinawa.

Mwana uja ndidamgulira mchere wina, tidapita kwawo, ndipo madzulo ake ndidamsimbira mathero a nthano ya Simba, amene iye sadawafike. Mu gawo lotsatira tidzaona za maseŵero a mpira a pa kanema amene akopa anyamata a ku sekondale.