Kuchoka ku Namadzi kukaona njovu payekha

Pamsika wa Namadzi, m'boma la Chiradzulu, ma minibasi opita ku Zomba ndi ku Liwonde amadutsa tsiku lonse. Amakwera ndi amalonda, ana asukulu, odwala ndi opita kumaliro. Koma munthu atanena kuti wanyamuka yekha kukaona njovu, anzake angamufunse ngati ndalama zamuchulukira.

Si zodabwitsa. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 pamalo ochepa, ndipo pafupifupi paliponse pamene khasu lingalowe pali munda wa chimanga ndi nandolo. Nyama zimene mwana wa ku Thumbwe kapena ku Namitambo amazidziwa ndi mbewa, kalulu ndi pusi. Njovu amaiona m'buku, mkango amaumva m'nthano za agogo.

Chonsecho paki ya Liwonde, m'boma la Machinga, ndi ulendo wa tsiku limodzi, kupita ndi kubwerera. Msewu wake ndi womwewo wodutsa pa Njuli ndi pa Namadzi, kudzera ku Zomba mpaka kukafika pa Kamuzu Barrage, pamtsinje wa Shire.

Pakiyi idakhazikitsidwa mu 1973. Pofika 2015, pamene bungwe la African Parks lidagwirizana ndi boma kuti liziyendetsa malowa, zinthu zidali zitafika poipa. Misampha ya mawaya idali ponseponse, mikango idatha, ndipo njovu zinkatuluka kukadya m'minda ya anthu. Kuyambira pamenepo adachotsa misampha masauzande ambiri ndi kumanga mpanda wamagetsi. Mikango idabwerera mu 2018, zipembere 17 zidachokera ku South Africa mu 2019, mimbulu idafika mu 2021.

Wopita yekha koyamba, vuto lake loyamba si mkango ayi, koma mayendedwe. Minibasi imamusiya m'tauni ya Liwonde, ndipo chipata cha paki chili pamtunda wa makilomita angapo. Kabaza angamufikitse pachipata, koma mkati munthu saloledwa kungoyenda wapansi ngati akupita kudimba. Pamafunika galimoto kapena boti, komanso munthu wodziwa tchire. Apa ndi pamene thumba limalira. Mtengo wolowera wa Mmalawi ndi wotsika kuyerekeza ndi wa mlendo wakunja, bola akhale ndi chiphaso cha unzika. Koma galimoto ndi boti zimapepuka anthu akagawana mtengo, ndiye amene ali yekha amayenera kuimba foni kumalo ogona alendo tsiku lisadafike, kufunsa ngati pali gulu loti aphatikane nalo.

Pa ziwirizi, boti ndilo lopindulitsa kwa woyamba kumene. Shire sabisa chuma chake. Mvuu zimakhala m'magulumagulu, maso ndi makutu okha ali pamwamba pa madzi. Ng'ona zimaothera dzuwa pamchenga kukamwa kuli yasa, nkhwazi ili pamtengo kudikira nsomba. M'chilimwe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, madzi akauma m'tchire, njovu zimatsikira kumtsinje ndi ana awo, n'kumamwa ndi kudzithira matope pansi pa migwalangwa. Munthu amene adakula akumva kuti njovu ndi yaikulu amazindikira pomwepo kuti mawuwo adali ochepa. Chodabwitsa china n'chakuti chinyama chonsecho chimayenda mwakachetechete, ngati chavala nsapato za thonje.

Kukhala wopanda mnzake kuli ndi ubwino wake: palibe womusokoneza ndi nkhani za mpira, ndipo woyendetsa boti amakhala ndi mpata woyankha mafunso onse, ngakhale aja munthu amachita nawo manyazi pagulu. Kuipa kwake n'kwakuti palibe womukoka malaya akayamba kuchita zachibwana. Malamulo ake ndi achidule. Osatsika m'galimoto popanda chilolezo, osapisa dzanja m'madzi, osapatsa anyani chakudya. Njovu yokhala ndi mwana safunika kuiyandikira chifukwa chofuna chithunzi chabwino. Wogona komweko asayende yekha usiku, poti ndi nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya msipu, ndipo neti asaiwale, udzudzu wa m'mbali mwa Shire suseka ndi munthu.

Asapite ndi mtima woti aona zonse. Mikango imagona pamthunzi nthawi yambiri ya masana, zipembere zimabisala m'zitsamba zowirira. Ambiri amabwerako ataona njiri, nswala, njati ndi njovu, mkango osauona.

Wochokera ku Chiradzulu, amene amadziwa ululu wa munda woonongeka, samachedwa kufunsa za anthu okhala m'mbali mwa mpanda. Njovu zidachulukana mpaka malo kuchepa. Mu 2016 ndi 2017 pafupifupi 500 zidasamutsidwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Kumeneko anthu a m'midzi yozungulira paki, kuphatikizapo a tsidya la Zambia, adadandaula kuti njovu zikuwathera mbewu ndi kupha anthu.

Mvula ikayamba, misewu ina ya m'paki imadzadza matope ndipo udzu umatalika, nyama n'kumabisika. Wofuna kubwerera ku Namadzi tsiku lomwelo ayenera kukwera minibasi yoyamba m'mamawa, ndipo pofika 4 koloko madzulo akhale ali pasiteji ya Liwonde.