Tsankho likulepheretsa ana a anthu obwera kulowa m'sukulu za mkombaphala ku South Africa

Mabanja ambiri ochokera m'maiko ena, kuphatikizapo Amalawi amene akukhala m'dziko la South Africa, amakumana ndi zovuta akafuna kupezera ana awo malo m'sukulu za mkombaphala, ngakhale malamulo a dzikolo amateteza mwana aliyense posayang'ana kochokera makolo ake.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi kalata ya kubadwa. Lamulo la dzikolo limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 30 chibadwire, koma makolo amene alibe zikalata zowaloleza kukhala m'dzikomo amaopa kufika ku maofesi a unduna wa za m'dziko. Mapeto ake mwana amakula wopanda kalata, ndipo eni sukulu ena amam'bweza pakhomo. Kuonjezera apo, makolo ena amakanidwa chifukwa cha chilankhulo kapena dziko lawo basi, ngakhale zikalata zawo zili m'chimake.

Zotsatira zake n'zowawa. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amakakamizika kusiya ntchito kapena kusiya mwana m'manja mwa munthu wosaphunzira za kaleredwe ka ana, pamalo osalembetsedwa ndi boma. Mwanayo amayamba sukulu ya pulaimale atatsalira m'mbuyo, makamaka pa chilankhulo chophunzirira.

Gawo 28 la malamulo aakulu a South Africa limapereka ufulu kwa mwana aliyense, pomwe gawo 29 limati aliyense ali ndi ufulu wolandira maphunziro oyambirira. M'mwezi wa December 2019, khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linakasuma m'malo mwa ana 37, linagamula kuti sukulu za boma zisamakane mwana chifukwa chosowa zikalata.

Chigamulocho chinali chokhudza sukulu za boma. Sukulu zambiri za mkombaphala n'za anthu wamba, mipingo ndi mabungwe, choncho mwini sukulu ndiye amasankha mwana womulandira. Komabe zinthu zayamba kusintha. Kuyambira pa 1 April 2022, udindo woyang'anira sukuluzi unachoka ku unduna woona za chisamaliro cha anthu n'kupita ku unduna wa maphunziro, ndipo lamulo la BELA la 2024 linakhazikitsa kuti mwana aliyense aziphunzira Grade R, kalasi yokonzekera pulaimale.

M'mwezi wa November 2025, khoti lalikulu la ku Johannesburg linaletsa gulu la Operation Dudula kuitanitsa zikalata kwa anthu komanso kusokoneza anthu obwera pofuna kulowa m'zipatala ndi m'sukulu.

Maiko a Malawi ndi South Africa anavomereza pangano la United Nations la 1989 la ufulu wa ana, lomwe limaletsa kusala mwana chifukwa cha makolo ake. Izi zikutanthauza kuti maofesi oona za kalembera, za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, komanso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, ali ndi mbali yaikulu yothandiza makolo kukhala ndi zikalata zoyenera. Mwana akalembetsedwa adakali wakhanda, chifukwa chimodzi chomukanira malo pa sukulu chimachoka.