Chikanda Chinathetsa Misozi ya 1/4

Mdzukulu wanga wa giredi 4 ankadana ndi mafulakishoni kwabasi. Ukamufunsa kuti chachikulu n'chiti pakati pa 1/2 ndi 1/4, ankayankha mosaphethira kuti 1/4, poti 4 amaposa 2. Ukamutsutsa, misozi mbwembwembwe, buku pansi. Chonsecho ndi mwana yemweyu amene ukamutuma pa kantemba ndi K20 amabwerako ndi chenji chosaperewera ngakhale 50 ngwee. Agogo ake aamuna, amene anagwira ntchito ku Kafue Textiles nthawi imene nyumba za kuno ku Kafue Estates zinkadzaza ndi antchito a kumeneko ndi a ku Nitrogen Chemicals, anayesa kumuuza za theka la mita ya nsalu. Mwana anangoyasamula.

Loweruka lina ndinaphika chikanda, chija cha nsinjiro zambiri ndi katsabola pang'ono. Chitauma ndinachivundikula pa mbale, chozungulira bwino, n'kumupatsa mpeni.

"Muli awiri ndi mchimwene wako. Dula, koma woyamba kusankha ndi iyeyo."

Apo ndiye munthu anasamala! Anayeza ndi chala, anasuzumira mbali zonse, kenako pakati penipeni, se! Asanalume, pakhomo panatulukira ana awiri a aneba (fungo la chikanda silisowa mboni). Nkhope inagwa. Anadulanso zidutswa zija pakati, n'kuyang'ana kagawo kake mwachisoni.

"Ambuya, changa chachepa."

Ndinatola khala n'kulemba pa simenti 1/2 ndi 1/4. Ndinamuuza kuti nambala yapansiyo imawerenga pakamwa pamene pakudikira chakudya. Anakhala duu, maso pa simenti, maso pa mbale. Kenako anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika: "Ndiye 1/10 ndi njala yeniyeni!"

Mawa lake tinalowa pa vitumbuwa: vitatu, ana anayi. Apa ndi pamene mabuku amathamanga, koma ndi pomwe pagona nkhani. Anadula chilichonse panayi, aliyense n'kutenga kachidutswa kamodzi pa chitumbuwa chilichonse. Atawerenga m'manja mwake anapeza tizidutswa titatu, 3/4. Anadzionera yekha kuti 3 ÷ 4 ndi 3/4 n'chinthu chimodzi, kuti kamzere kapakatiko kamangonena kuti "gawani". Ine ndimati mwana asamaonetsedwe kamzere kameneka asanagwire mpeni.

Lero pakhomo pano sitikupuma. Mchimwene wake akati "ndipatse theka lalikulu", amamudula pakamwa: theka lalikulu kulibe, likakula lasiya kukhala theka. K10 ya maswiti ikagwera ana anayi, iye wanena kale kuti aliyense K2.50, ena akadawerenga zala. Buku lija, lomwe linkagona pansi pa bedi, tsopano limatsegulidwa pa tebulo dala kuti alendo aone zochonga za aphunzitsi.

Amene zawavuta ndi agogo ake. Dzulo anabwera ndi nsomba ya mu mtsinje wa Kafue, n'kulengeza kuti aigawa patatu mofanana, iwo atenga kumutu komwe kwatsalira mnofu wonse wa pamsana. Mwana anayang'ana mutuwo, anayang'ana kamchira kamene kanagwera iye.

"Agogo, imeneyo si 1/3. Bweretsani mpeni."

Anaupereka.