Kusiyanitsa mitundu ya chuku cha mu mtedza poyeza DNA

Chuku chimene chimagwira mtedza si cha mtundu umodzi. Mitundu iwiri imene imatidetsa nkhawa kwambiri ife a zaumoyo ndi Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus. Yonseyi imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amayambitsa khansa ya m'chiwindi, makamaka kwa anthu amene ali kale ndi hepatitis B. Poizoniyu satheratu ndi kukazinga kapena kuphika, choncho amafika mpaka mu nsinjiro za m'phala la mwana.

Mukaimeretsa mu labotale, mitundu iwiriyi imafanana ngati mapasa. Yonse ndi yobiriwira, ndipo pa maikulosikopu ngakhale katswiri amatha kuisokoneza. Komatu flavus nthawi zambiri amapanga aflatoxin B1 ndi B2 basi, pamene parasiticus amawonjezerapo G1 ndi G2.

Kusiyanaku kumachokera mu DNA. Majini opanga poizoniyu amakhala mondondozana pamalo amodzi. Mwa flavus, kachidutswa ka DNA pamalo a majini awiri oyandikana, norB ndi cypA, kanasowa, ndipo popanda cypA wathunthu poizoni wa G sangapangike. Tikachulukitsa malo amenewa ndi njira ya PCR, chidutswa cha flavus chimatuluka chachifupi. Chigawo cha ITS, chomwe ambiri timathamangira pozindikira mitundu ya bowa ndi chuku, pano sichithandiza kwenikweni chifukwa abale awiriwa amafanana kwambiri pamenepo. Jini ya calmodulin ndiyo imawalekanitsa bwino.

Phindu lalikulu likuonekera kumunda. Pakati pa flavus yemweyo pali magulu ena osapanga poizoni konse, poti majini awo ena anaduka kapena anawonongeka. Bungwe la IITA limasankha magulu oterewa m'nthaka ya dziko lomwelo, n'kuwapaka pa njere za mapira zomwe zimakhala Aflasafe. Mlimi amamwaza njerezi milungu iwiri kapena itatu mbewu zisanachite maluwa, kuti chuku chosavulazachi chilande malo a choopsacho. Kusankha ndi maso okha pamenepa kungakhale kuika miyoyo ya anthu pachiswe, chifukwa mungathe kumwaza poizoni m'munda wa munthu mukuganiza kuti mukumuteteza.

Ofufuza anzanga tisatengeke nazo mopitirira. PCR imangotiuza zimene chukucho chingathe kuchita, osati kuchuluka kwa poizoni m'thumba la mtedza. Izo zimadalira ngati kunali ng'amba mtedza ukukhwima, mmene unaumitsidwira, komanso ngati unawazidwa madzi kuti usavute kuswa. Poizoni weniweniyo tiyenera kumuyezabe payekha.