Kanyali ka Madzi Kamene Kanandisowetsa Tulo

Kanayamba kundivutitsa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinali nditasenza feteleza pa lole yanga ya matani 10, kuchokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu. Nditangodutsa Linthipe n'kuyamba kukwera zitunda za ku Dedza, kanyali kofiira kanayaka pa dashibodi. Muvi wa geji ya kutentha unali pamalo ake a masiku onse. Msewu utawongoka kanyali kanazima, koma pakona yotsatira kanayakanso.

Madalaivala ambiri amaganiza kuti kanyali aka kakunena kuti injini yatentha. Ayi. Kakunena kuti madzi atsika m'kathanki kapulasitiki kamene kamakhala pamwamba pa rediyeta kapena kumbuyo kwa kebini, ndipo sakufikanso pamene pali sensa. Kakamayaka pachitunda ndi pakona pokha, ndiye kuti madzi angotsala m'malire, akukhavukira uku ndi uku.

Ndinaima, n'kudikira pafupifupi ola lathunthu kuti injini izizire. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse: musatsegule chitsekerero cha kathankiko injini ili yamoto. Madzi a m'katimo amakhala opanikizika, ndipo amatha kupitirira madigiri 100 osabwata. Mukangopotokola chitsekerero amatumphuka nthawi yomweyo n'kukuwaulani kumaso ndi m'manja. Itazizira ndinapeza madzi ali pansi pang'ono pa mzere wa MIN. Ndinathira lita imodzi ndi theka, ulendo n'kupitirira.

Patapita masiku awiri kanabweranso. Kwa milungu itatu ndinkangothira. Usiku ndinkayala makatoni kunsi kwa injini, m'mawa n'kuwapeza ouma gwa. Mnzanga wina amene timaimika limodzi magalimoto anandiuza kuti, "Achimwene, imeneyo ndi sensa basi. Tiyeni tingolumikiza mawaya ake, kanyaliko kazima." Ambiri amaterodi, makamaka pa mathiraki akuluakulu amene kompyuta yake imachepetsa mphamvu kapena kuzimitsa injini ikaona kuti madzi achepa. Ine ndinakana. Madzi akatheratu, sensa ya kutentha imatsala mu nthunzi, ndipo geji imatha kuchedwa kukwera. Ikamadzakwera, silinda hedi yapindika kale, kapena injini yanoka muli pakati pa tchire ndi katundu wa eni.

Ndinapita kwa makaniko wina wachikulire ku Biwi. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, anandidula.

"Madziwo akuchepadi, kapena kanyali kakungonama?"

"Akuchepa, madala. Ndimathira pakangopita masiku awiri kapena atatu."

"Ndiye tisalimbane ndi sensa, mwana wanga. Tifufuze kumene akupita."

Anatenga cholembera chosafufutika n'kujambula kamzere pathanki, pamene madzi analekezera injini ili yozizira. Anati aliyense amene kanyali aka kakumuvutitsa ayambire pamenepo: kamzere, kenako kumayang'ana m'mawa uliwonse galimoto itaima pamalo osapendekeka. Popanda kamzere munthu umangoganizira, chifukwa madzi amakwera akatentha n'kutsika akazizira.

Kenako anatulutsa kapampu ka m'manja kokhala ndi geji, n'kukamanga pamalo a chitsekerero. Anapopa mpaka pa nambala imene yalembedwa pachitsekereropo, n'kusiya kwa mphindi 15. Pamene tinkadikira, anagwetsa kebini n'kuyamba kuyendetsa dzanja pa mapaipi onse a labala. Anandionetsa makilampu amene amatha kudontha injini ikazizira pokha, labala ikanyala. Anandionetsa kabowo kakang'ono kunsi kwa pampu ya madzi, kamene kamayamba kudontha silu ya m'kati ikatha. Pamene madzi amadontha pang'onopang'ono n'kuuma ndi kutentha pamatsala zoyerayera ngati mchere, choncho maso azifuna zimenezo, osati dontho lokha. Analowanso m'kebini n'kugwira pansi pa mbali ya mapazi, chifukwa karediyeta ka hita kakabooka kapeti imanyowa ndipo m'kebini mumamveka kafungo kotsekemera.

Chimene ndinkaopa kwambiri ndi chakuti madzi akulowa m'kati mwa injini. Zizindikiro zake sizivuta. Oyilo pa dipisitiki kapena kunsi kwa chitsekerero chake amaoneka ngati tiyi wamkaka. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera umene susiya ngakhale injini itatentha. M'kathanki mumatuluka thovu losalekeza, ndipo paipi yapamwamba imauma ngati mwala injini itangolira kumene. Zikatero gasiketi ya hedi yapsa kapena hedi yang'aluka. Pa injini zatsopano madzi amathanso kuthawira mu EGR cooler, ndipo pa mathiraki a mabuleki a mpweya amatha kudzera mu kompuresa, poti nayonso imaziziritsidwa ndi madzi omwewo. Kwa ine zonsezi kunalibe. Muvi wa kapampu sunasunthe.

Mkulu uja anatembenuza chitsekerero changa n'kuchiyeza pachokha. Sichinagwire mpweya ngakhale pang'ono. Labala yake inali itang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe.

Kachinthu kameneka timakanyoza, koma ntchito yake ndi yaikulu. Kunyanja yamchere madzi amabwata pa madigiri 100. Ku Dedza, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amabwata pa madigiri pafupifupi 95, ndipo injini ya dizilo imene ikukoka katundu pachitunda sikhala patali ndi pamenepo. Chitsekerero cha bar imodzi chimapanikiza madzi kuti asabwate mpaka cha m'ma 120. Changa chinali chitasiya ntchito imeneyi. Pachitunda chilichonse madzi ankabwata m'malo otentha kwambiri a m'hedi, n'kutulukira m'kapaipi kotayira galimoto ikuyenda. N'chifukwa chake makatoni anga ankagona ouma.

Ndinagula china cha nambala yomweyo, ndipo madzi anakhazikika pakamzere.

Patatha mlungu umodzi kanyali kanayakanso, ulendo uno osazimanso, thanki ili yodzaza bwinobwino. Apa tsopano kankanamadi. Masensa amenewa alipo a mitundu iwiri. Wina ndi kachoyandama kokhala ndi maginito: madzi akatsika nako kamatsika, n'kuyatsa nyali. Wina ndi timisomali tachitsulo timene timadutsitsa magetsi ochepa m'madzimo. Tikakutidwa ndi litsiro kapena oyilo timaona ngati madzi mulibe. Ndinabwerera kwa mkulu uja, ndipo tinayamba ndi zapafupi. Pulagi ya sensa inalibe dzimbiri lobiriwira lija, ndipo mawaya sanali operepeseka pamene kebini imapindikira poigwetsa. Titamasula thanki n'kuikhutchumula, munatuluka matope ofiira. Kachoyandama kanali katamatirira pansi. Titatsuka kanayamba kuyenda, ndipo mita yoyezera magetsi inaonetsa kuti sensa ikutsegula ndi kutseka bwino. Ndinachita mwayi, chifukwa mathanki ena kachoyandama kake sikatuluka, ndipo kakamwa madzi n'kumira pamafunika thanki yatsopano.

Matope amenewo anali zipatso za zaka zimene ndinkathira madzi a pamjigo ndi a mumtsinje. Ambirife timati coolant ndi wa kumayiko a chisanu, kuno safunika. Timalakwitsa. Kuwonjezera pa kukweza pang'ono mlingo umene madzi amabwatira, muli mankhwala oletsa dzimbiri ndi oteteza masilivu a injini ya dizilo kuti asadyeke timabowo ndi thovu la kunjenjemera kwa injini. Madzi a pamjigo amasiya zokhakhala zoyera m'timachubu ta rediyeta, zofanana ndi zimene mumaziona m'ketulo. Tinatsuka njira zonse za madzi, n'kuthira coolant wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled aja othira m'mabatire. Pogula, tsatani zimene buku la galimoto likunena, osati mtundu wa m'botolo. Obiriwira awiri amatha kukhala osiyana, ndipo ena mukawasakaniza amagwirana ngati phala. Wotsala musamuike m'botolo la zakumwa. Amatsekemera koma ndi poizoni, amapha galu, amapha mwana.

Tinalizitsa injini hita ili yotsegula kuti mpweya wotsekeredwa utuluke. Mkulu uja anandichenjeza kuti paulendo woyamba madzi atsikako pang'ono mpweya wotsala ukamatuluka, ndipo zinaterodi. Ndinawonjezera theka la lita n'kujambula kamzere katsopano. Mlungu wathawu ndinakwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti nditasenza chimanga, pa giya yachiwiri pafupifupi njira yonse. Ndinagona ku Dedza. M'mawa ndisanalize injini ndinaunika thanki ndi tochi ya pafoni, madzi ali pakamzere.