Loya Woteteza Oulula Zachinyengo pa Ntchito

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Kalaliki wa kwa Mposa, m'boma la Machinga, ataona bwana wake akuzembetsa feteleza wa alimi a mpunga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, angachite mantha kuulula poopa kuchotsedwa ntchito. Apa m'pamene pamafunika loya wodziŵa malamulo a ntchito.

Zida za loyayu n'zitatu. Gawo 31 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa wantchito ufulu wosachitiridwa nkhanza. Lamulo la Employment Act la 2000 limati wolemba ntchito ndiye ayenera kuonetsa kuti anachotsa munthu pa chifukwa choyenera. Nalo gawo 51A la lamulo lothana ndi ziphuphu limalanga wozunza munthu amene watsina khutu bungwe la Anti-Corruption Bureau kapena apolisi. Dandaulo limakatulidwa ku Industrial Relations Court, khoti limene lingalamule kuti munthu abwezeredwe pa ntchito kapena alandire chipepeso.

Komatu lamulo palokha silichotsa mantha. Mu Julaye 2015, a Issa Njauju, mmodzi wa akuluakulu a bungwe lija, anaphedwa ku Lilongwe. N'chifukwa chake loya wanzeru amabisa dzina la woulula, nasunga makalata a umboni mlandu usanayambe.

Wotsiriza sukulu wofuna ntchitoyi akhoze bwino mayeso a MSCE, aphunzire zamalamulo monga ku University of Malawi ku Zomba, kenaka avomerezedwe ndi Khoti Lalikulu. Inu aphunzitsi, zoloŵezani ana kunena zoona akadali m'kalasi.